Nyanga ya Nsatsi, Koma Yachitsulo

Uthenga unalowa 3 koloko m'bandakucha. Ku Philippines nthawi ili patsogolo ndi maola 6, ndiye kwa mng'ono wanga ku Ndirande inali 9 koloko usiku chabe, nthawi yabwino yothera bandulo. Ananditumizira kavidiyo kakafupi: dzanja la munthu wosaoneka nkhope likuvinitsa mpeni wa zigwiriro ziwiri, chitsulo chikuzungulira chala ngati chili ndi moyo wakewake. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, mesa mipeni imeneyi amapanga konko? Mundigulire umodzi pobwera. Wakuthwa, osati wa ana."

Nthawi imeneyo ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro anga ku Cavite, ndipo kunena zoona sindinkadziwa kuti mpeniwu kwawo ndi dziko lomwe ndinkakhalalo. Ine ndinkaudziwira m'mafilimu a karate omwe tinkaonera m'mavidiyo sho tili ana, nthawi zonse uli m'manja mwa chigawenga chomwe chifa filimu isanathe. Mnzanga wa m'kalasi nditamuonetsa kavidiyoko anaseka. Anati Azungu amautchula mpeni wa gulugufe chifukwa zigwiriro zake zimatambasuka ngati mapiko, koma dzina lake lenileni ndi balisong, ndipo kuli mudzi wa dzina lomweli m'tauni ya Taal, m'chigawo cha Batangas. Anati tingathe kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo.

Tinapita Loweruka lina, kudzera ku Tagaytay komwe umaona nyanja ya Taal pansi ndi phiri lophulika lija lili pakati pake. Alendo ambiri amapita ku Taal kukaona tchalitchi chachikulu cha San Martin de Tours ndi nyumba zakale za nthawi ya atsamunda a ku Spain. Ife tinangodutsa, n'kukatsika ku Barangay Balisong, komwe timashopu tandandalika m'mbali mwa msewu waukulu, mipeni itayalidwa m'magalasi ngati tomato pa Lizulu. Ina yaing'ono ngati chala, yopachika ku makiyi. Ina yaitali kuposa mkono, yongokongoletsera khoma.

Kwa amene sanaugwirepo: balisong ndi chitsulo chimodzi chokhala ndi zigwiriro ziwiri, chilichonse chozungulira pa kamsomali kake. Ukautseka, zigwiriro zimakumana n'kumeza chitsulo chonse, osaoneka n'komwe. Ukautsegula, zimazungulira n'kukakumana kumbuyo, n'kukhala chigwiriro chimodzi cholimba. Kumapeto kuli kaloko kozigwirizitsa. Mulibe sipuling'i kapena batani, ntchito yonse imagwiridwa ndi dzanja. Utali womwe amati ndiye weniweni ndi masentimita 29 ukatsegulidwa, n'chifukwa chake amautchulanso kuti veinte y nueve. Ena amakamba nthano ya mwamuna wina wa ku Batangas yemwe anagonjetsa adani 29 ndi mpeni umodzi. Nthano za amuna ndi zofanana kulikonse.

Mnzanga uja ananditengera kuseri kwa kashopu kena, komwe bambo wina wachikulire ankapala chigwiriro ndi tupa. Fungo la pamalopo linandibweza ku Ntcheu nthawi yomweyo. Makala, chitsulo chotentha, ndi kafungo konyansa ka nyanga ikamapalidwa. Pakona panali mulu wa masipuling'i akale a galimoto ndi mabering'i otha ntchito. Agogo anga aamuna ankasula nkhwangwa ndi zikwanje ndi masipuling'i omwewo, ankati palibe chitsulo chosunga kuthwa kuposa chimenecho. Ndinayenda ulendo wa ndege zitatu kuti ndikapeze chipala cha agogo chikusula mpeni wa pa TikTok.

Bambo uja anayamba ndi zigwiriro, mnzanga akumasulira. Mafupa a chigwiriro, titero kunena kwake, amakhala a mkuwa kapena a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pamwamba pake amamatapo chomwe wogula wasankha. Anandigwiritsa chimodzichimodzi. Nyanga ya njati ya m'madzi, yomwe iwo amati kalabaw, yakuda bii, yosalala, yotenthera msanga m'manja. Fupa la hatchi, loyera, lomwe limasanduka lachikasu likakalamba. Nyanga ya gwape, ya mabampu, yosaterera dzanja likachita thukuta. Kamagong, mtengo wakuda wolemera ngati phingo. Ndi narra, wofiirira, womwe ndinauzindikira asananditchulire dzina, chifukwa ndi m'bale wake wa mlombwa wathu uja timapangira zitseko. Ena amati dzina loti balisong lenilenilo linachokera ku mawu otanthauza nyanga yothyoka.

Kenako zitsulo. Panali cha kris, chokhotakhota ngati njoka ikuwoloka msewu, chomwe aliyense wolowa m'shopu amayamba kuloza. Panali cha labaha, chowongoka, chopanda nsonga yeniyeni, ngati lumo la ometa akale. Panali cha nsonga yosongoka ngati mkondo, ndi china cha mano kumsana chomwe amangochitchula kuti Rambo. Ine maso anali pa kris, wa chigwiriro cha fupa loyera. Bambo uja anaona. Anati ndi wokongoladi, koma ndidzaunola bwanji? Mwala wonolera ndi wafulati, mpeniwo ndi wa mapiri ndi zigwa. Anati anthu ogula kris ambiri amakaupachika, ogula labaha amakaugwiritsa ntchito. Chikomekome cha mkuyu.

Anatenga mpeni wina wosongoka, n'kuika khobidi pathabwa, n'kulibaya kamodzi. Nsonga inatulukira kuseri. Anandionetsa nsongayo, yosapindika ngakhale pang'ono. Umu ndi momwe amisiri a kumeneko amaonetsera kuti chitsulo chawo chinapsa bwino. Ndinaombera m'manja ngati mwana, kenako ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndaonerako mavidiyo.

Apa mpamene ndinaphunzira chinthu chomwe mavidiyo sanena. Zigwiriro ziwirizo si zofanana. Chimodzi chimatsekera kumsana kwa mpeni, ndipo ukachigwira, chitsulo chikabwerera chimakumenya ndi msana basi. Chinacho chimatsekera mbali yakuthwa. Chimenecho amachitchula kuti choluma, ndipo pa mipeni ya ku Batangas ndi chomwe chimakhala ndi kaloko. Ine ndinagwira cha kaloko, chifukwa chinkaoneka ngati ndiye chogwirira. Ndinagwedeza dzanja kamodzi. Sindinamve kupweteka, ndinangoona magazi akudontha pa simenti kuchokera pa chala chamkombaphala. Mayi wa m'shopumo anatulutsa pulasitala mu kabati, pomwepo pafupi ndi ndalama zosinthira, osadabwa n'komwe. Zinaoneka kuti si ine woyamba.

Nditakhala pa benchi, chala m'mwamba, ndinamuonetsa bambo uja kavidiyo ka mng'ono wanga. Anakaonera kawiri n'kupukusa mutu. Anati uwo si mpeni wa kuno. Ndipo ankanena zoona, ndinadzazitsimikiza pambuyo pake. Mipeni yomwe anyamata amavinitsa pa intaneti yambiri ndi ya m'mafakitale. Zigwiriro zake ndi za aluminiyamu kapena titanium, zobooledwa kuti zipepuke, zomangidwa ndi masikuluwu oti ungathe kumasula kapena kumanga, ndipo polumikizira pamakhala timphete kapena timabering'i toti chitsulo chizizungulira mosagwira. Amayeza kulemera kwa chigwiriro ndi kwa chitsulo kuti zilingane, kuti mpeni ukauponya m'mwamba ubwerere momwe ukuyembekezera. Kampani ya ku America ya Benchmade inayamba ndi mipeni imeneyi ndipo mpaka lero chizindikiro chake ndi gulugufe. Wa ku Taal ndi wokhomedwa ndi misomali, wolemera, wolimba potsegula ukakhala watsopano. Anaupangira kudula, osati kuvina. Ndipo ovinitsa ambiri amayamba ndi wophunzirira, wosathwa, wa nsonga yobulungira.

Ndiye bambo uja anafunsa funso lomwe wogulitsa aliyense wabwino amafunsa. Anati, "Mwanayo akufuna kudula chiyani?"

Ndinati akungofuna kusewera.

Anati, "Ngati ndi kusewera, kuthwako n'kwa chiyani?"

Yankho ndinali nalo, koma sindinafune kulinena m'dziko la eni. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mng'ono wanga anamulanda foni madzulo akuchokera ku sukulu. Anali anyamata atatu. Sanamuvulaze kwenikweni, anangomupanikiza kukhoma n'kumupisa m'thumba anthu akudutsa. Foniyo inali yakale, tinamugulira ina. Koma amayi anandiuza kuti kuyambira tsikulo anasiya kuseka pa chakudya. Ndipo tsiku lina tikucheza anandilembera, ngati nthabwala, kuti, "Adzayerekezenso aone." Ndinayankha ndi kankhope koseka. Pa benchi ya ku Taal, ndi pulasitala pachala, mawu aja anabwerera opanda kankhope.

Anali ndi zaka 17. Sindikunena kuti ankafuna kubaya munthu. Ndikuganiza kuti ankangofuna kumva kulemera kwa chinthu m'thumba akamadutsa pakona paja. Ndikumumvetsa. Koma ndinali nditangoona nsonga ikuboola khobidi, komanso ndinali nditangoona zomwe dzanja losadziwa limachita pa sekondi imodzi popanda mdani aliyense. Anyamata atatu aja akanamulanda mpeniwo monga anamulandira foni, ndiye ukanakhala m'manja mwawo. Kapena sakanamulanda, zomwe zikanakhala zoopsa kuposa. Ndipo wapolisi akakupeza nawo m'thumba usiku safunsa ngati chigwiriro chake ndi cha kamagong.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ndinakula ndikukhulupirira mwambi umenewu, ndipo bambo athu anatilera nawo. Koma mwambiwo umadalira chinthu chimodzi: nsatsi imafota. Mwana amalira, amaphunzira, mawa amadzuka ndi zala zake zonse. Sipuling'i ya galimoto sifota. Nthawi yonse ija ndinkasankha chigwiriro, chomwe chimakhudza dzanja la mwini wake yekha. Mbali inayo ya mpeni imakhudza anthu ena, ndipo ndi yomwe ndinali ndisanaiganizire.

Choncho ndinaoda mpeni womwe sunali m'galasi. Ndinapempha wa masentimita 29, chigwiriro cha narra chifukwa cha mlombwa, mkuwa kumapeto, koma chitsulo chosanoledwa ndi nsonga yobulungira. Bambo uja anati aufewetsako polumikizira kuti uzitseguka mosavuta, ndipo ndibwere Loweruka linalo. Sanatsitse mtengo ngakhale pang'ono. Anati ntchito ndi yomweyo, kunola ndiye kosavuta pa zonse. Ndinalipira ndalama yomwe ndikanadyera sabata yathunthu. Ndinadziguliranso wanga, labaha wa nyanga yakuda. Kris uja ndinamusiya m'galasi.

Kwa amene angafune kugula, zomwe ndinatola n'zochepa. Utseke mpeniwo n'kuugwedeza pafupi ndi khutu: chitsulo chikamagunda m'kati mwa chigwiriro, usiye. Utsegule n'kuona ngati zigwiriro zikukumana molingana. Chitsulo cha sipuling'i chimachita dzimbiri, chimafuna kadontho ka mafuta, makamaka nthawi ya mvula. Ndipo ufunse malamulo a komwe ukupita usanalipire. Ku Britain ndi ku Germany balisong ndi woletsedwa, ndiye amene muli kumeneko musayese kuitanitsa. M'ndege sulowa m'chikwama cha m'manja, ngakhale wosathwa angakuvutitse nawo pachipata.

Nditafika kunyumba, mng'ono wanga anamasula pepala mofulumira, n'kuyendetsa chala pa chitsulo. Anandiyang'ana.

"Achimwene, mwandigulira supuni?"

Sanandilankhule bwinobwino masiku atatu. Anati ndimamuona ngati mwana. Sindinatsutse, chifukwa zinali zoona. Ndinangomuonetsa chipsera, n'kumuuza za chigwiriro choluma, n'kumuuza kuti nthawi iliyonse mbali ija ikamugunda chala awerenge. Anati zaziii.

Koma usiku ndinkamva kuchipinda kwake: kwe-kwe, kwe-kwe, kenako phi, wagwa pansi. Kwe-kwe, phi. Amayi anadandaula kuti simenti ikugumuka. Patatha mwezi anabwera kukhitchini ndikusenda mango ndi labaha wanga, n'kuima pakhomo. Anatsegula wake ndi dzanja limodzi, n'kuuzunguliza pa chala chachikulu, n'kuutseka, osayang'ana. Zinali zokongola, sindinama. Narra uja anali atayamba kuda ndi thukuta la m'manja mwake.

Ndinafunsa kuti wafika pa angati.

Anati anasiya kuwerenga atadutsa 200. Anaseka ponena zimenezo, kuseka kwake kwakale kuja.

Sindikudziwa ngati mantha a pakona paja anatha. Sitikambirana zimenezo, ndife amuna a m'nyumba ya bambo athu. Ndikudziwa kuti mpeni wake sutuluka pageti, chifukwa supuni sungaopseze nayo munthu, ndipo anzake amabwera kunyumba kudzaphunzira. Wanga umakhala mu dirowa yokiya.

Sabata yatha, pano ali ndi zaka 19, anandilemberanso. Anati, "Achimwene, pano ndiye ndadziwatu. Uja wa mu dirowa mundibwereke." Uthengawo ndinauwerenga, ma tiki awiri anasanduka a buluu, ndipo akudziwa kuti ndauona. Mpaka pano sindinayankhe.