Kwa mwana wanga: mawu a zilembo zisanu ndi zitumbuwa za agogo ako

Mwana wanga wokondedwa,

 Kuno ku Makause, ku South Africa, moyo ulipo, maganyu akupezeka apo ndi apo m'Primrose muno ndi ku Germiston. Pempho lako la chokoleti ndalimva, ndipo chibwera ndi katundu wa Khirisimasi. Koma ndili ndi china choti ndikupatse chimene sichidikira basi.

Malo ano ndi a nyumba za malata zothithikana, pafupi ndi milu ya mchenga wachikasu yomwe migodi ya golide inasiya. Ndikaweruka, mutu umafuna pothawira, ndiye ndimatenga tsamba la nyuzi lokhala ndi timabokosi ta mawu opingasa ndi otsitsa, pensulo m'manja. Pepalalo nthawi zina limakhala lamafuta chifukwa linakulunga magwinya, koma timabokosi timaonekabe. Chingerezi chimene ndimayankhulira ndi mabwana ndinachitola mmenemo, liwu limodzi lero, lina mawa. Masewerawa ndi akale: Arthur Wynne ndiye anawatulutsa koyamba m'nyuzi ya New York World mu 1913.

Pafoni pali ena atsopano otchedwa Wordle. Anawapanga Josh Wardle, kupangira wokondedwa wake, ndipo anthu onse anayamba kusewera mu Okutobala 2021. Tsiku lililonse pamabisidwa liwu limodzi la zilembo zisanu, ndipo umaloledwa kuyesa kasanu ndi kamodzi. Chilembo chikakhala pamalo pake chimasanduka chobiriwira, chikakhalamo koma pamalo polakwika chimachita chikasu. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti liwu ndi limodzi basi patsiku. Ukalipeza wamaliza, bandulo yako yatsala, batire lako latsala, ndipo kuno kutchajitsa foni n'kolipira.

Ndiye ndaganiza kuti ife tizisewera m'Chichewa. M'mawa uliwonse ndizibisa liwu, iwe uzilota pa WhatsApp ukabwera kusukulu, ine ndizikuuza zilembo zimene walasa. Mawu tili nawo ambirimbiri: nsima, mbuzi, mtima, phiri, nyama. Ndipo kwathu n'kosavuta pang'ono, pakuti liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Usayese kuti izi n'zachilendo. Agogo ako akati "Ndagi!" inu ana n'kuyankha "Gize!", ntchito yake ndi yomweyo, kunola mutu. Uziwakhalira pafupi madzulo, ulembe ndagi zawo zonse m'kope. Ine zambiri zandithawa, ndipo zimandipweteka mumtima.

Za zotsekemera ndikuuze zoona. Kuno zadzaza m'timasitolo ta spaza: mabisiketi, maswiti, ndi chingamu cha Chappies chimene kapepala kake kamakhala ndi timfundo tophunzitsa mkati. Timapepala timeneto ndikukusungira m'chitini. Magwinya ndi abwino, aakulu kuposa mandasi athu, ndipo anthu amadyera poloni. Koma palibe chimene chafikapo pa chitumbuwa cha agogo ako. Nthochi zija zopsa mpaka khungu kuda, amazisinja mumtondo, n'kusakaniza ndi mgaiwa, osathiramo shuga ngakhale pang'ono. Akamachivuula m'mafuta chimakhala chofiirira m'mbali, chofewa pakati, chotentha moti umachisinthasintha m'manja. Umadziwa munda umene nthochi yachokera, umadziwanso dzanja limene laumba.

Zimenezi sindikunena mwa chilakolako chokha. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zinapezeka kuti chinawapha ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, amene ena amathira pofuna kupha makoswe. Pa 15 Novembala chaka chomwecho Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti masitolo onse a spaza alembetse m'kaundula. Kholo lililonse kuno linagwidwa nthumanzi, ndipo ine maganizo anga anathamangira kwa iwe. Chonde, chakudya chosadziwika kochokera, cha m'pepala long'ambika kapena chonunkha zachilendo, uzichisiya, ngakhale anzako akuseke. Mano akonso uziwasamala. Mzimbe umodzi, malambe kapena mbatata yootcha n'zokwanira pa buleki.

Mayeso a Sitandade 8 akubwera, ndipo amafuna mwana wodziwa mawu ambiri, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe. Buku lililonse limene ungalipeze uziwerenga, liwu lachilendo uzililemba n'kufunsa aphunzitsi.

Liwu loyamba ndalibisa kale. Likuyamba ndi m, likuthera ndi a, ndipo ndi dzina la mtengo umene uli kuseri kwa nyumba ya agogo ako. Ubwereke foni kwa amayi ako mawa masana, undiyankhe. Undiperekere moni kwa onse.

Ndine bambo ako.