Zobiriwira ziti, mayi?

Ku Mufakose, kumadzulo kwa Harare, Chichewa cholembedwa chimapezeka pa nsalu za mabungwe othandizana pa maliro, pa makoma a matchalitchi a CCAP ndi pa ziliza kumanda. Amene amalembetsa ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Tete nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito pa njanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury, dzina lakale la Harare. Ku Mbare, Highfield, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara aliponso ambiri. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma chilankhulochi chikafuna kuoneka pa khoma, chimadalirabe mmisiri wa bulashi.

Mmodzi wa amisiriwa ndi bambo wachikulire wa ku Mufakose amene makolo ake anachokera ku Dedza. Amagwirira ntchito m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba. Zida zake n'zochepa: zitini za penti ya mafuta yolembera pa malata ndi pa matabwa, penti ya madzi ya pa khoma, mabulashi oviikidwa m'parafini, choko, ndi chingwe. Chingwecho amachipaka choko, n'kuchikunga pa bolodi, n'kuchikoka pakati kuti chimenye mzere wowongoka. Zilembo amayamba wazijambula ndi choko, kuyambira pakati pa mawu kupita m'mbali, kuti chomaliza chisapanikizike kumapeto. Akuti dzanja linazolowera kalekale. Chimene chimamudyera nthawi ndi kumvana ndi mwini ntchito pa nkhani ya mtundu.

Mayi wa Chigwirizano amafika ndi nsalu yoyera. "Bambo, mutilembere ndi zobiriwira."

"Zobiriwira ziti, mayi? Za msipu kapena za kumwamba?"

Funsolo si lachipongwe. Mayina enieni a mitundu m'Chichewa ndi atatu: kuyera, kufiira ndi kuda, ndipo lililonse limasenza katundu wambiri. Kuyera ndi ufa, ndi mbale yotsuka bwino, ndi Mzimu. Kufiira ndi magazi, ndi mango akupsa, ndi mwana wa khungu lowalirapo amene penti yofiira sangafanane naye n'komwe. Kubiriwira kumakhala pa tsamba, koma ena amakufikitsa mpaka pa nyanja ndi pa thambo. Zotsalazo timabwereka ku zinthu zimene timaziona. Pa chifukwa chimenechi mmisiriyu ali ndi thabwa limene anapakapo timizere ta penti, ndipo pansi pa kalikonse analemba dzina la chinthu: chikasu, msipu, mtambo, katondo, phulusa, makala. Kasitomala amaloza ndi chala, nkhani n'kutha. Achinyamata salozanso, amangoti buluu, girini, pinki.

Iye sakhulupirira kuti Chichewa n'chosauka pamenepa, ndipo akunena zoona. Amati munthu akanena kuti kuyera mbee, kufiira psuu kapena kuda bii, watchula kale muyeso wa penti: usasakanize ndi china, upake kawiri. Akati chofiirira kapena chotuwa, ndiye kuti uthiremo kadontho koziziritsa. Msampha uli pa kusakaniza zilankhulo, chifukwa ku Harare palibe amene amalankhula chimodzi tsiku lonse. Mchewa akati biriwiri akunena masamba a chimanga cha mu Januwale. Mshona akati piriviri akunena kufiira kwenikweni. Pa foni, m'phokoso la kombi, mawu awiriwa amamveka ngati amodzi, choncho iye salandira oda ya mtundu pa foni.

Za nkhope za Gule Wamkulu, umene Ashona amati zvigure ndipo umavinidwabe m'madera amenewa, sakambapo zambiri. Amangoti aliyense amene anaonapo Simoni akudziwa kufiira kwake, ndipo za kudambwe zimathera kudambwe.

Akatswiri a zilankhulo anaiona kale nkhani ya mayina a mitunduyi. H. A. Gleason, m'buku lake lophunzitsira za zilankhulo la m'ma 1950, anagwiritsa ntchito Chishona posonyeza kuti anthu sadula utawaleza pamalo amodzimodzi, ndipo mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay anafotokoza kuti chilankhulo chikakhala ndi mayina atatu okha a mitundu, amakhala oyera, akuda ndi ofiira. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, analimbana nazo asanabwere onsewa. Atafika pa nsalu za chihema m'buku la Eksodo, mtundu umene lero tikuti buluu anautchula potengera madzi.

Kutali ku Asia kuli chilankhulo chimene omasulira ake angamvane bwino ndi bambo wa ku Mufakoseyu. Chipali ndi chilankhulo cha malemba a Abuda a ku Sri Lanka, Myanmar, Thailand, Laos ndi Cambodia. Mawu ake akuti nīla amatchula buluu, koma amafikanso pa udzu, pa mtambo wa mvula ndi pa tsitsi lakuda, moti womasulira amayenera kuyang'ana chinthu chimene chikunenedwa asanasankhe mawu. Lohita ndi kufiira, ndiponso ndi magazi. Haliddā ndi chikasu chenichenicho cha m'munda, ndipo monga kwathu, dzina la muzuwo limatchulanso utoto wake. Pamene mbendera ya Abuda inakonzedwa ku Colombo mu 1885, mizere yake inatengedwa ku mayina a Chipali: nīla, pīta, lohita, odāta ndi mañjeṭṭha. Anayi oyambawo anakhazikika: buluu, chikasu, kufiira ndi kuyera. Lachisanu limachokera ku chomera china cha mizu yotulutsa utoto wofiirira, ndipo mpaka lero osoka mbendera sagwirizana. Ambiri amaika mtundu wa lalanje, a ku Myanmar amaika pinki.

Chipali chilibe zilembo zakezake. Malemba a Abuda analembedwa koyamba pa masamba a mgwalangwa ku Aluvihara, ku Sri Lanka, m'zaka 100 zomaliza Yesu asanabadwe, ndipo kuyambira pamenepo dziko lililonse limalemba m'zilembo zake: za Chisinhala, za Chibama, za Chithai, za Chikhmer. Ku Mandalay, Mfumu Mindon inazokotetsa malembawo pa miyala 729 pa kachisi wa Kuthodaw, ntchito imene inatha mu 1868. Bungwe la Pali Text Society, limene T. W. Rhys Davids anayambitsa mu 1881, linasankha zilembo za Chilatini zokhala ndi timizere ndi timadontho. Mu zilembo zimenezi ph, th ndi kh zimatchulidwa ndi mpweya ngati m'Chichewa. Mngelezi akaona phala amafuna kuyamba ndi f, pamene Mchewa amawerenga molondola ulendo woyamba, ngakhale kuti m'Chipali mawuwo akutanthauza chipatso, osati chakumwa cha m'mawa.

H ameneyu ndi amene amamupatsa mmisiri wathu ntchito yaukonzi. Ana obadwira ku Harare anaphunzira kulemba Chishona, chimene kalembedwe kake kalibe l ndipo sikasiyanitsa p ndi ph. Akabweretsa kapepala ka mawu a pa chiliza cha agogo, l yense wasanduka r, ndipo h wa mu mphamvu kapena nkhosa wasowa. Iye amakhala nawo pansi, n'kuwerenga mokweza liwu lililonse asanatenge choko, chifukwa penti ya mafuta ikauma pa simenti, kuichotsa n'kupala. Amawakumbutsanso kuti Chishona nachonso chinasinthapo malaya: kalembedwe ka Clement Doke ka 1931 kanali ndi zilembo zapadera zokhala ndi timichira, zimene zinachotsedwa mu 1955.

Za zilembo za Mwangwego anazionera pa foni ya mdzukulu wake. Nolence Mwangwego, Mmalawi wobadwira ku Zambia mu 1951, anayamba kuzipanga mu 1979 atabwerera kuchokera ku Paris, ndipo pambuyo pake zinakhazikitsidwa poyera. Maziko ake ndi zilembo 32 zotchedwa misisi. Chilichonse chimabwera kale ndi a, ndipo kachizindikiro kena kamasintha a uja kukhala e, i, o kapena u. Umu ndi mmenenso zilembo za Chisinhala ndi za Chibama zimagwirira ntchito. Mmisiriyu anaziyang'ana ndi diso la ntchito, n'kunena kuti zimasunga malo pa bolodi, popeza ba, be kapena bo ndi chilembo chimodzi m'malo mwa ziwiri. Anayesa zingapo ndi choko pa chitseko cha shedi. Kasitomala wozifuna sanabwerebe, ndipo iye akuti chikwangwani chimene wodutsa sangawerenge sichibweretsa munthu pa golosale.

Ntchito zambiri tsopano zikupita kwa osindikiza ndi kompyuta m'tauni, amene amatulutsa nsalu ya pulasitiki tsiku lomwelo. Koma anyamata a pa makinawo sadziwa kumene angapeze ŵ, ndipo akuluakulu a mpingo amene anakulira pa mabuku akale salola kuti Malaŵi alembedwe wopanda kachipewa. Nsalu yosindikizidwa kale imafika ku Mufakose itakulungidwa, iye n'kusakaniza penti mpaka ifanane ndi inki ya makina, n'kuveka w aliyense woyenera chipewa chake. Zipewazo amawerenga chimodzichimodzi pamaso pa msungichuma wa mpingo, ndipo amalipiritsa chilichonse pachokha.