Mafilimu amene ife okonda mawotchi timauzana

Anzanga aphunzitsi ndi makolo, pali anthu ena amene akamaonera filimu sayang'ana nkhope ya munthu, amayang'ana pamkono. Mfuti zikulira, nyumba ikupsa, iwo aimitsa kanemayo n'kuyandikitsa maso kuti aone wotchi imene mkuluyo wavala. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewa. Matendawa ndinawatengera ku IFP kwa mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi, ndipo lero tilipo asanu: aphunzitsi atatu, namwino mmodzi, ndi bambo wina wachikulire wokonza mawotchi pamsika wa ku Ulongué. Musaganize kuti ndife olemera. Pamkono panga pali Casio F-91W, yakuda yapulasitiki ija imene inayamba kupangidwa mu 1989. Rolex timangoiona pa kanema.

Mukafunsa okonda mawotchi kuti muonere chiyani, dzina loyamba kutuluka ndi James Bond. Mu Dr. No ya mu 1962, Sean Connery anavala Rolex Submariner, ndipo mu Goldfinger ya mu 1964 wotchi yomweyo imaoneka ili ndi lamba wansalu wowonda kuposa malo ake, ngati wobwereka. Mpaka lero anthu amakambabe za lamba ameneyo. Kuyambira pa GoldenEye mu 1995, Bond anasamukira ku Omega Seamaster. Kenako akuuzani za Le Mans ya mu 1971, mmene Steve McQueen akuyendetsa galimoto ya mpikisano atavala Heuer Monaco, ya makona anayi, yabuluu. Ndinaionera chifukwa anzanga anandikakamiza. Magalimoto amangozungulira, anthu salankhula kwenikweni, ndipo wotchiyo, ngakhale ndi yokongola, ilibe ntchito m'nkhaniyo. Mutaivula pamkono pa McQueen, filimu ipitirira chimodzimodzi. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga aphunzitsi awiri aja. Iwo amafuna wotchi ioneke bwino, ine ndimafuna igwire ntchito.

N'chifukwa chake Commando ya mu 1985 sindiinyoza, ngakhale ena amaiona ngati yachibwana. Ambiri a msinkhu wanga tinaionera tili ana m'tinyumba toonetsa mavidiyo, titakhala pansi, Chingerezi chake osamva ngakhale liwu limodzi. Arnold Schwarzenegger anavala Seiko H558, yokhala ndi mivi komanso kawindo ka manambala, imene okonda mawotchi anaipatsa dzina loti Arnie. Adani amulanda mwana wake wamkazi n'kumukweza ndege ya ulendo wa maola 11. Iye adumpha ndegeyo ikunyamuka, n'kutchera wotchi yake kuti iziwerengera maolawo, podziwa kuti ndege ikatera iye mulibe, mwanayo aphedwa. Tinkamva nkhani yonse chifukwa cha manambala aja amene ankacheperachepera. Namwino wathu amakonda kuwonjezera Blood Diamond ya mu 2006, osati chifukwa cha Breitling ya Leonardo DiCaprio yokha, koma chifukwa mbali zina anajambulira ku Maputo, ngakhale nkhaniyo ndi ya ku Sierra Leone.

Imene ndimauza mphunzitsi aliyense kuti aonere ndi Apollo 13 ya mu 1995, mmene Tom Hanks ndi Jim Lovell. Nkhaniyi inachitikadi. Mu April 1970 amuna atatu ankapita kumwezi, thanki ya mpweya inaphulika ali kutali kwambiri, ndipo anazimitsa pafupifupi chilichonse kuti magetsi awakwanire kufika kwawo, kuphatikizapo kompyuta yowongolera ulendo. Pobwerera chombo chinayamba kupatuka pang'ono panjira yake. Chikanalowa mumpweya wa dziko mowongoka kwambiri chikanapsa, chikanalowa mopendekera kwambiri chikananjanja n'kubwerera kuthambo. Anafunika kuyatsa injini kwa masekondi 14, osapitirira, osachepera. Lovell ankayang'ana dziko pawindo kuti chombo chisakhote, Jack Swigert n'kumawerenga masekondiwo pa Omega Speedmaster yake, wotchi yopukusa ndi zala, yopanda batire. Anafika amoyo pa 17 April. M'filimumo nthawi yoyatsa injiniyo anaitalikitsa kuti mtima wa woonera uthamange, koma 14 ndiye nambala yeniyeni.

Nkhani imeneyi ndimaigwiritsa ntchito pophunzitsa nthawi. Ndimauza ana atsinzine, ndikati yambani, aliyense akweze dzanja akaganiza kuti masekondi 14 akwana. Ena amakweza pa 6, ena amafika pa 30 akadali phee. Ndikawauza kuti miyoyo ya anthu atatu inadalira kuwerenga kumeneku, amafuna kubwerezanso, ndipo tsiku limenelo muvi wa masekondi amaumvetsa.

Koma imene inandigwira pakhosi ndi Interstellar ya Christopher Nolan, ya mu 2014. Dziko likufa, mbewu zikutha ndi matenda, fumbi lili ponseponse, chimanga chokha ndicho chatsala. Mlimi wina dzina lake Cooper, amene kale anali woyendetsa ndege, avomera kupita kukafuna dziko lina. Mwana wake wamkazi Murph ali ndi zaka 10 ndipo sakufuna kumva. Potsazika, bamboyo amupatsa wotchi ya Hamilton, iye n'kutsala ndi ina, kuti akadzabwerera adzaziyerekeze. Mwanayo aiponya pansi. Kumene akupitako nthawi siyenda mofanana ndi kuno. Pa dziko lina lamadzi okhaokha, loyandikana ndi dzenje lakuda la m'mlengalenga lotchedwa Gargantua, ola limodzi ndi zaka 7 za kwathu. Zinthu zivuta, achedwa maola pafupifupi atatu, pobwerera m'chombo apeza kuti zaka 23 zadutsa. Cooper akhala pansi n'kumaonera mauthenga amene anaunjikana, ana ake akukula pamaso pake, mpaka Murph aoneka ali ndi zaka zimene bambo ake anali nazo pochoka.

Inu amene anakutumizani kusukulu yakutali ndi banja mukudziwa chifukwa chake ndikuikamba motalika. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8 ndipo amakhala ndi mayi ake ku Tete, ine ndili kuno kumapiri a Angónia. Ndimapitako malipiro akatuluka, nthawi zina mwezi umadumpha chifukwa ndalama ya chapa yapita ku zina. Kuno masiku amafanana: belu, choko, mabuku a ana, kugona. Ndikafika kumeneko ndimapeza dzino linaguluka kalekale ndipo lina linamera kale, ali ndi mnzake wapamtima amene dzina lake sindinamvepo, nsapato zimene ndinagula sizikumukwananso. Palibe dzenje lakuda pakati pa Ulongué ndi Tete, pali msewu chabe, koma pamene Cooper ankalira pamaso pa kanema uja ndinadziwa chimene ankawerengera. Chaka chatha ndinamugulira kawotchi ka mivi. Tikamalankhula pafoni madzulo ndimamufunsa kuti muvi waung'ono uli pati, waukulu uli pati, iye amayankha, kenako amandifunsa yanga. Yake imathamanga ndi mphindi ziwiri ndipo amakana kuti ndiikonze, amati yolakwa ndi yanga.

Kumapeto kwa filimuyo Cooper amatumiza uthenga kudzera pa muvi wa masekondi wa wotchi ija, umene umanjenjemera motsatira zizindikiro za Morse, ndipo Murph, atakula kale, amauwerenga. Anthu anaifuna kwambiri wotchiyo moti mu 2019 kampani ya Hamilton inayamba kuigulitsa, n'kumadziwika ndi dzina la mwanayo. Makolo, iyi ndi Apollo 13 mukhoza kuonera ndi ana okulirapo. Pulp Fiction ya mu 1994, imene anzanga amaitchula nthawi zonse chifukwa cha wotchi yagolide imene inachoka kwa agogo kufika kwa mdzukulu, ana akhale atagona. Kumene wotchiyo inabisidwa kundende ya nkhondo sindingalembe pano.

Bambo okonza mawotchi aja sagwirizana ndi aliyense wa ife. Yawo ndi For a Few Dollars More ya Sergio Leone, ya mu 1965, ya makaubo. Chigawenga El Indio chili ndi wotchi ya m'thumba imene imaimba kanyimbo ukaitsegula, ndipo chimauza munthu amene chikufuna kupha kuti kanyimbo kakatha asolole mfuti. Kanyimboko kamayamba mwamphamvu, kenako kamafooka pang'onopang'ono, anthu awiri atangoima kuyang'anana. Lee Van Cleef ali ndi wotchi ina yofanana nayo, ndipo chithunzi cha mtsikana chimene chili mu ya chigawengayo n'cha mlongo wake. Nditawafunsa chimene amaikondera, sanakambe za mfuti kapena za mlongo. Anati, “Aphunzitsi, mvetserani mmene nyimboyo ikuchedwera. Ndi sipuling'i imene ikutha mphamvu. Amene anapanga filimuyi anagwirapo wotchi yeniyeni.” Kenako anatenga kapepala n'kundijambulira kamgolo ka timinga kamene kamazungulira n'kumakola mano a kachipeso kachitsulo, dzino lililonse ndi liwu lake, kasitomala ataima pambali kudikira batire ya Casio yake.