Za Moto Wosaoneka wa m'Galimoto Yakale ya pa Mishoni



Pa mamishoni ambiri a m'dziko lathu pali galimoto yakale imene anthu onse aidziwa ndi kulira kwake, ingakhale isanatulukire pachitunda. Ndiyo imene itenga Bambo Mfumu kunka ku matchalitchi akutali, itenga mayi wapakati kunka kuchipatala usiku, ndipo tsiku la chisoni isenza bokosi la m'bale wathu. Chifukwa chake ikadwala galimoto imeneyi, nkhawa ifika m'nyumba zambiri. Ine ndakhala ndikusamala galimoto yotere zaka zambiri, ndipo ndafuna kukufotokozerani mwezi uno za matenda ake amene asautsa anthu koposa onse, ndiwo matenda a magetsi.

Tayala likaphulika, ngakhale mwana aona pamene pavuta. Petulo akatha, sipakhala mtsutso. Koma magetsi saoneka ndi maso, tsono galimoto imene inali bwino dzulo ikakana kulira lero, kapena nyali zake zikamazima ndi kuyakanso zokha, anthu ayamba kunong'onezana kuti pali munthu waikhudza ndi mankhwala. Ndamva mawu otere kangapo, ngakhale pakamwa pa Akhristu obatizidwa, ndipo ndinaona mabanja awiri akuleka kupatsana moni chifukwa cha nkhani yotere. Ndinena poyera kuti pa zaka zonsezi sindinapeze chithumwa m'galimoto. Chimene ndapeza ndi dzimbiri, fumbi, chinyezi, nati yomasuka, ndi waya wodyedwa ndi khoswe.

Galimoto yathu ndi Land Rover. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, m'chaka cha 1948, ndipo yathuyi ndi ya gulu lotchedwa Series III, limene linapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Injini yake ndi ya petulo, ya mapulagi anayi. Mulibe kompyuta monga m'magalimoto a masiku ano, kotero kuti munthu wodekha, wokhala ndi sipanala ndi babu limodzi, akhoza kulondola vuto lake kufikira alipeza.

Choyamba timvetse chikhalidwe cha magetsi. Iwo ali ngati munthu waulendo amene savomera kutuluka m'nyumba ngati sadziwa njira yobwerera. Achoka m'batire pa mutu wa chizindikiro cha mtanda, ayenda m'waya wamkuwa, agwira ntchito yawo m'nyali kapena m'hutala, kenaka ayenera kubwerera kubatire pa mutu winawo. Tsono opanga magalimoto, pofuna kusunga mawaya, anakonza kuti njira yobwerera ikhale chitsulo cha galimoto chomwe. Mutu wachiwiri wa batire aumangirira kuchitsulocho ndi waya wonenepa, amene amisiri amutcha earth. Njira ikaduka pena paliponse, popita kapena pobwerera, ntchito yonse iima. Anthu ambiri afufuza njira yopita yokha, aiwala yobwerera, ndipo ataya ndalama pogula zipangizo zatsopano pamene zakale zinali zabwino.

Munthu wogwira galimoto yakale kwambiri ayang'anenso bwino mutu umene wamangidwa kuchitsulo, pakuti ma Land Rover opangidwa chisanafike chaka cha 1967 anali ndi mutu wa mtanda kuchitsulo, ndipo kulumikiza batire mozondoka kuononga zinthu m'kamphindi.

Tsono galimoto ikakana kulira, musathamangire kumasula zinthu. Yatsani nyali zazikulu, tumani mwana aimirire kutsogolo, ndipo potozani kiyi. Nyali zikafooka kufikira kuzima, ndiye kuti batire latha mphamvu, kapena mphamvu ilimo koma isowa potulukira. Nyali zikakhala zowala monga kale koma sitata osatembenuka, batire lilibe mlandu. Vuto lili kukiyi, kuwaya wonka kusitata, kapena m'sitata momwemo. Kuyesa kumeneku sikulira ndalama, ndipo kugawa ntchito pakati.

Batire la galimoto lili ndi zipinda 6, m'mene muli mtovu womizidwa m'asidi, monga anatulukira Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. Chipinda chilichonse chipereka mavolti awiri ndi pang'ono, kotero batire lodzala bwino lionetsa mavolti 12.6 pa kachipangizo koyezera. Likaonetsa 12 okha, lafooka kwambiri. Inu amene muli ndi magetsi a dzuwa kunyumba mudziwa kale zimenezi. Koma kawirikawiri batire likhala lamoyo, ndipo mitu yake ndiyo yadwala. Pa mituyo pamera ufa woyera kapena wobiriwira, umene ulowa pakati pa mtovu ndi chomangira chake. Kunja kuoneka kogwira bwino, koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyali imodzi ikumwa magetsi pang'ono, pafupifupi ma ampere 5, ndipo ikhoza kuyaka ngakhale njira ili yopapatiza. Koma sitata ifuna ma ampere opitirira 100 nthawi imodzi, ndipo khomo lopapatiza silingalole khamu lotere. Masulani zomangirazo, tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, palani kufikira mtovu unyezimira, mangani zolimba, ndipo pakani girizi pamwamba.

Usiku wina wa m'dzinja, mvula itangokata, anafika katekisiti wa kutchalitchi lina lakutali atanyowa ndi matope mpaka m'maondo. Anagogoda kwa ansembe nati, "Bambo Mfumu, agogo aja atopa. Akupempha kuti muwafikire usiku uno." Bambo Mfumu anatenga mafuta oyera ndi Ukaristia, ndipo anandidzutsa. Nditapotoza kiyi, galimoto inangoti tha, kamodzi, ndipo nyali zinafiira ngati makala. Mlonda ndi anyamata awiri anasonkhana, wina nati batire lafa, wina nati tikankhe, koma m'matope otere sakankha galimoto yolemera. Bambo Mfumu anandifunsa mofatsa kuti, "Nanga bambo, ndiyambe wa panjinga?" Ndinawapempha kuti andipatse kanthawi. Mitu ya batire inali yoyera. Ndinapotozanso kiyi, kenaka ndinayendetsa dzanja pa waya wonenepa uja wobwerera, ndipo pamene amangidwa kuchitsulo cha galimoto panali potentha. Malo otentha ndiwo malo amene magetsi avutika kudutsa. Ndinamasula nati, ndinapala dzimbiri ndi mpeni kufikira chitsulo chinayera, ndinamanganso, ndipo injini inalira pa kupotoza koyamba. Tinawapeza agogowo akadali ndi nzeru zawo. Analapa, anadzozedwa, analandira Ambuye, ndipo anatsikira kuli chete tambala asanalire. Chimene chikadawamana chisomo chimenechi chinali dzimbiri losakwana kudzaza chikhadabo.

Vuto likakhala la chinthu chimodzi, monga hutala kapena nyali zokhotera, yambani ndi mafyuzi. M'galimoto yathu ndi ochepa, owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo ndi agalasi, okhala ndi kawaya kopyapyala m'kati. Fyuzi ndi mlonda amene alola kufa iye kuti nyumba isapse. Ikapsa, ikani ina ya muyeso womwewo. Ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Mufunefune malowo, makamaka pamene mawaya adutsa pa bowo la chitsulo. Ndikupemphani ndi mtima wonse, musaike msomali, waya wa mpanda kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Wochita zotere wachotsa mlonda pakhomo, ndipo mawaya atentha kufikira moto ubuka pafupi ndi petulo.

Chida changa chachikulu ndi babu laling'ono la mavolti 12 lolumikizidwa ku mawaya awiri. Waya mmodzi ndimgwiritsa kuchitsulo choyera, winayo ndikhudza naye malo amene ndifuna kuyesa. Babu likayaka, magetsi afika pamenepo, ndipita patsogolo. Pamene lileka kuyaka, vuto lili pakati pa malowo ndi malo amene linayaka komaliza. Ndi monga mlimi wa kudimba alondola ngalande yake kuchokera kumtsinje kufikira apeza pamene madzi athawira. Amisiri a ku Britain anathandiza pa ntchitoyi popatsa waya aliyense mtundu wake: wofiirira ngati dothi ali ndi moto nthawi zonse kuchokera kubatire, woyera alandira moto kiyi akapotozedwa, wobiriwira alandira moto womwewo utadutsa pafyuzi, wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wabuluu ndi wa nyali zazikulu, ndipo wakuda ndi wobwerera kuchitsulo. Tsono mukaona kuti poyatsa nyali yokhotera nyali zina za kumbuyo ziphethira nayo mofooka, musaope. Ndi waya wakuda wa pamenepo amene wachita dzimbiri, ndipo magetsi, posowa njira yawo, abwerera kudzera m'nyumba za anansi.

Babu lomwelo ligwiranso mbala ya usiku. Batire likamagona lodzala ndi kudzuka lopanda kanthu, zimitsani zonse, chotsani chomangira cha waya wobwerera, ndipo ikani babu pakati pa chomangiracho ndi mutu wa batire. Likayaka, pali chinthu chikumwa magetsi mobisa. Chotsani mafyuzi imodzi imodzi kufikira babu lizima, ndipo mwadziwa njira imene mbalayo ikhala. Kambiri ndapeza kuti ndi waya wa wailesi kapena wotchajira foni, womangidwa mwachangu ndi munthu wina wake.

Batire silipanga magetsi, lingowasunga monga nkhokwe isunga chimanga. Wolima ndi alternator, kapena dayinamo m'magalimoto akale koposa, imene itembenuzidwa ndi lamba wa injini. Kanyali kofiira ka kutsogolo kwa dalaivala kayenera kuyaka popotoza kiyi ndi kuzima injini ikalira. Kakapitirira kuyaka, nkhokwe ikudyedwa popanda kuthiramo. Yambani ndi lamba: mukamudina ndi chala chachikulu alowe pang'ono chabe, ngati sentimita imodzi. Injini ikulira, batire lionetse mavolti pafupifupi 14. Ndipo musachotse mutu wa batire injini ikulira pofuna kuyesa, monga achita ena, pakuti mchitidwe umenewu ukhoza kupha alternator.

Nthawi zina sitata itembenuka bwino koma injini osagwira, makamaka mutaoloka mtsinje kapena m'mawa wa nkhungu. Pamenepo moto sufika kumapulagi. Koyilo isandutsa mavolti 12 aja kukhala zikwi zambiri, ndipo moto waukali chotere uthawira m'chinyezi chilichonse. Tsegulani chivundikiro cha distributor, pukutani m'kati ndi nsalu youma, ndipo yang'anani timilomo tiwiri tachitsulo totchedwa mapoyinti. Tikhale toyera, ndipo potseguka mpata wake ukhale pafupifupi mamilimita 0.4. Mukachotsa mawaya a mapulagi, chotsani mmodzi mmodzi, pakuti ali ndi dongosolo lawo loyakira, 1, 3, 4, 2, ndipo akasokonezeka injini ingotsokomola.

Pa ntchito zonsezi samalani moyo wanu. Pomasula batire yambani ndi waya wa kuchitsulo, ndipo pomanga mutsirize ndi iyeyo. Vulani mphete ya ukwati, pakuti ikakhudza mutu wa batire ndi chitsulo nthawi imodzi itentha chala kufikira fupa. Musayandikire ndi nyali ya palafini, kandulo kapena fodya woyaka, chifukwa batire litulutsa mpweya wophulika. Madzi a m'batire akachepa, thirani madzi osungunula ogulitsidwa pa ntchitoyi, kapena zikavuta, madzi a mvula olandiridwa m'beseni loyera la pulasitiki. A pachitsime ali ndi mchere wa m'nthaka umene uononga mtovu. Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri ndipo fulumirani kuchipatala. Ana asasewere ndi mabatire akutha, pakuti mtovu ndi poizoni.

Mwina simudziwa kuti maina aja a volti ndi ampere ndi a Akatolika anzathu. Alessandro Volta wa ku Como, m'dziko la Italy, anaonetsa batire loyamba m'chaka cha 1800. André-Marie Ampère wa ku France, amene anamwalira mu 1836, anali munthu wopemphera, ndipo anasunga m'nyumba mwake ku Paris mnyamata wasukulu Frédéric Ozanam, amene mu 1833 anayambitsa pamodzi ndi anzake bungwe la Vincent de Paul Woyera lothandiza osauka. Anthu amenewa sanaope mphamvu yosaoneka, koma anaifufuza modekha, podziwa kuti Mlengi anaika malamulo m'zolengedwa zake zonse ndipo anatipatsa nzeru kuti tiwadziwe. Akulu athu ananena zomwezo, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono abale anga, galimoto ya pa mishoni ikafera pafupi ndi mudzi wanu, musafunse kuti wailodza ndani. Bweretsani tochi, nsalu youma ndi madzi ofunda, ndipo amphamvu akonzeke kukankha. Wonyamula chimanga kapena mtedza m'galimotomo asese bwino pambuyo pake, pakuti njere zotsala ziitana makoswe, ndipo makoswe adya mawaya. Makolo amene muli ndi mwana wokonda kumasula zinthu, mnyamata kapena mtsikana, mtumizeni tsiku Loweruka adzaphunzire kugwira babu loyesera, pakuti manja athu ena ayamba kunjenjemera ndipo ntchitoyi ifuna olowa m'malo. Pa 25 July, tsiku la Khristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, mukumbukire m'mapemphero a m'banja madalaivala, amakaniko ndi onse oyenda usiku kukathandiza odwala.

Mulungu adalitse nyumba zanu, ndipo Amayi Maria akusungeni pa maulendo anu onse.