Chithunzi Chopanda Dzina

Pa tchuthi chapitachi, tiri kukonza m'kabati yakale ya pasukulu pathu, tinapeza chitini chodzala ndi zithunzi. Zina chiswe chinali chitadya, zina zinamatana ndi chinyezi, koma zowerengeka zinapulumuka. Pa chimodzi panali aphunzitsi anai, ataima patsogolo pa nyumba yaudzu. Tinachitembenuza kuti tiwerenge maina ao, koma kumbuyo kunalibe ngakhale lemba limodzi. Tinanka nacho kwa akulu a mpingo, ndipo iwo anati, "Akadawadziwa ndi agogo aja tinaika chaka chatha." Chotero anthu anai amene anaphunzitsa makolo athu kuwerenga asanduka alendo m'sukulu yao yomwe.

Mlandu umenewu sitiuika pa akale okha, pakuti ifenso tiri nayo kamera ya filimu, ndipo tajambula maukwati ndi ana a sukulu zaka zambiri osalemba kanthu. Chifukwa chache tifuna kuuza abale zimene taphunzira.

Filimu ipakidwa mankhwala a siliva amene asandulika akangoona kuwala. Potsinika kamera, kachitseko ka m'kati katseguka kamphindi, kuwala kulowa, ndipo chithunzi chigwidwa, chingakhale sichioneka msanga. Tsono filimu tiziika m'kamera tiri pamthunzi, ndipo tisatsegule kumbuyo kwache tisanaikulunge yonse. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, makamaka m'mawa kapena madzulo, pakuti la pamutu lidetsa m'maso mwa anthu. Zigongono zikhale panthiti, ndi mpweya tiugwire, kuti dzanja lisanjenjemere. Filimu ya 35 mm ipatsa zithunzi 24 kapena 36 zokha. Munthu wanzeru ayamba waona kuti mitu yonse yalowa, asanataye ndalama zache.

Filimu itsukidwa mumdima. Mankhwala oyamba aonetsa chithunzi, achiwiri achikhazikitsa kuti kuwala kusachiononge, ndipo pomaliza achitsukuluza ndi madzi ambiri; akachita ulesi pamenepa, chithunzi chidzafiira patapita zaka. Chotuluka ndicho negetivu, m'mene choyera chioneka chakuda ndi chakuda choyera. Ambiri aitaya poyesa kuti iribe ntchito, koma negetivu ndiyo mbeu. Chithunzi chikang'ambika, atsuka china kuchokera m'menemo. Tiigwire m'mphepete mokha, ndi kuisunga mu envulopu ya pepala yolembedwa nambala.

Koma choposa zonse ndicho kulemba. Kumbuyo kwa chithunzi chiri chonse tilembe ndi pensulo yofewa, osati inki imene ilowerera m'pepala: maina a anthu kuyambira kumanzere, mudzi, tsiku ndi chaka. Nambala ya pa envulopu ija ilembedwenso pamenepo ndi m'kabuku. Zonse zikhale m'chitini chotsekeka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, ndi utsi wa kukhitchini, ndi kutentha kwa malata. Ndipo mvula ikatha tizitsegula kuona ngati chuku chalowa. Iwo ojambula ndi foni asanyade, pakuti foni ikatayika kapena kufa, kawiri kawiri zithunzi mazana zipita nayo pamodzi. Zofunika azitsukitse pa pepala, nazilembe momwemo.

Taganizani za John Chilembwe, amene anafa m'chaka cha 1915. Palibe mwa ife anamuona, koma mwana ali yense adziwa nkhope yache pa ndalama, chifukwa zithunzi zache zinasungidwa pamodzi ndi dzina lache. Aphunzitsi athu anai aja anasowa pensulo yokha.

Ife tayamba kale. Madzulo ali onse titenga zithunzi khumi, ndipo zimene zitizunguza tinka nazo kwa okalamba. Inunso, abale, tulutsani zanu m'masutikesi sabata lomwe lino, mukakhale nazo pakhonde pa agogo akali ndi maso ndi chikumbukiro. Akulu anati, safunsa anadya phula.