Kansomba kosadziwika kwawo

Kuno ku Salima mwera wayamba ndipo usipa wakwera mtengo. Lero nkhani si ya mayeso ayi. Ndi ya kansomba kamene kali m'thanki yanga yagalasi pabalaza. Mwezi wachitatu uno ndikukadyetsa, koma dzina lake lakanika kupezeka.

Kadabwera m'chigubu. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa, pano amagwira ntchito m'bwato ku Senga Bay, adakaona kakuphiriphitha m'beseni la mayi wogula nsomba pagombe. Mayiwo adakapeza pakati pa nsomba za msodzi wina, ndipo msodziyo usiku umenewo adaponya ukonde malo atatu osiyana. Kansombako n'kotalika ngati chala changa chamkombaphala, kotuwa, kali ndi timizere tosaoneka bwino totsika kuchokera kumsana. Masiku oyamba kamangokhala pansi, kuseri kwa mwala.

Chithunzi chake chitafika kwa mnzake wina amene ali ku Durban, amene amasamala thanki ya madzi amchere kunyumba kwa abwana ake, iye adayankha msanga: "Aphunzitsi, imeneyo ndi goby. Ife tili nazo kuno, zimakhala pansi choncho."

Ndidakondwa kuti mwana amayang'anitsitsa zinthu. Koma kukhala pansi si dzina. Goby ili ndi zipsepse ziwiri zosiyana pamsana, ndipo zipsepse zake zakumimba nthawi zambiri zimalumikizana n'kupanga kambale komatira pamwala. Kanga kali ndi chipsepse chimodzi chachitali pamsana, cha minga kutsogolo, chofewa kumbuyo. Zakumimba n'zosiyana. Mbali iliyonse ya mutu kali ndi bowo limodzi la mphuno, pamene nsomba zambiri zili ndi awiri. Mzere wa m'nthiti mwake ndi wodukiza pawiri. Zimenezi ndi zizindikiro za banja la Cichlidae, banja la chambo, utaka, ncheni ndi mbuna. Kamakhala pansi chifukwa cha mantha basi.

Mpaka pamenepo ntchito idali yophweka, ngati ija timapereka m'kalasi ya Bayoloje. Mavuto adayamba pofuna mtundu wake weniweni. Akatswiri amati m'nyanja yathu muli mitundu ya banja limeneli pakati pa 700 ndi 1,000, ndipo yambiri sidalandirebe dzina la sayansi.

Ndidayamba ndi pakamwa. Labeotropheus ili ndi mphuno yonenepa yolendewera pamwamba pa kamwa loyang'ana pansi. Kanga ayi. Kenaka mano. Ndidakagwira ndi dzanja lonyowa kwa kanthawi kochepa, mwana wanga atagwira galasi lokuzira zinthu. Cynotilapia ili ndi mano osongoka, otalikirana, ngati a galu. Mano a kutsogolo a kanga ndi othithikana ndipo lililonse lili ndi nsonga ziwiri. Pamodzi ndi timizere tija, zikuloza ku mbuna za gulu la zebra. Gulu limenelo ngakhale akatswiri samvana dzina lake. Kuyambira mu 1997 ena amalemba Metriaclima, ena Maylandia.

Apa ndiye njira idathera. Mbuna za gulu limeneli zimafanana kwambiri thupi. Chimene chimazisiyanitsa ndi maonekedwe a yamphongo ikakhwima, yabuluu kapena ya chipsepse chachikasu, komanso malo amene yachokera. Kanga ndi kakakazi kapena kakang'ono, ndiye kalibe zovala zaukwati. Ndipo malo adatayika m'beseni muja.

Mwina mukufunsa kuti malo ali ndi ntchito yanji, popeza nyanja ndi imodzi. Kwa mbuna nyanja si imodzi. Ndi nsomba za m'miyala, zimadya ndere zomera pamiyala, ndipo sizikonda kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya. Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, n'kuwalavula pamiyala pomwepo. Ana satengedwa ndi mafunde kupita kutali monga amachitira ana a nsomba zambiri za m'nyanja yamchere. Choncho chilumba chilichonse chili ngati mudzi wa anthu okwatirana okhaokha, ndipo pakapita nthawi yaitali chimakhala ndi mitundu yakeyake. Geoffrey Fryer, amene adafufuza nsombazi ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndiye adafalitsa kwa asayansi dzina la Chitonga loti mbuna. Tony Ribbink ndi anzake atayendera magombe a miyala adatulutsa lipoti mu 1983 losonyeza kuti mitundu yambiri imapezeka pamalo amodzi kapena awiri okha.

Onani pafupi pompano. Pali nsomba zitatu zotchedwa ndi dzina la chilumba cha Mbenji: Metriaclima mbenjii, Labidochromis mbenjii ndi Copadichromis mbenjii. Ku Kambiri Point, kumene malemu Stuart Grant adakhazikitsa malonda otumiza nsomba zamoyo kunja, dzina la malo limapita limodzi ndi nsomba. Munthu wa ku Germany amene sadapondepo Malawi amatha kutchula Maleri, Nakantenga, Mbenji ndi Namalenje, chifukwa maina amenewo adalembedwa pathanki yake. Ana athu amene amaona zilumbazi tsiku ndi tsiku amangoti "timbuna".

Anzanga ena a kuno andiuza kuti, "Bwanji osangokabweza m'madzi, kakapeze anzake?" Ndi mawu achifundo, koma sindingatero. M'zaka za m'ma 1960 nsomba za Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zidatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Zidaswana kumeneko, ndipo kafukufuku wa mu 2004 adapeza kuti zidasakanizana ndi zebra za pamenepo. Chimene chilengedwe chidasiyanitsa pa zaka zikwizikwi chidasokonezeka pa zaka 40 zokha. Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba timeneti. Ine ndikathira kanga pa miyala ya Namalenje pamene kwawo ndi kwina, ndakhala mmodzi wa osokoneza. Kadzakalambira pabalaza pano. Papepala lomata pagalasi ndalemba kuti: mbuna ya gulu la zebra, malo osadziwika.

Tsono kwa inu aphunzitsi anzanga. Timaphunzitsa maina awiriawiri a Carl Linnaeus ndi zitsanzo za m'buku, ana n'kuloweza, mayeso n'kutha, n'kuiwala. Chikhalirecho pamtunda wa ola limodzi kuchokera m'kalasi muli nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Sitifunika chipinda cha sayansi. Galasi lokuzira zinthu, rula, ndi mulu wa nsomba zosakaniza wa pamsika zikwanira. Ana awerenge minga ya chipsepse, ayang'ane mano, ajambule kamwa. Koma phunziro loyamba likhale ili: usanafunse dzina, lemba malo ndi tsiku. Pamwala uti, pamchenga kapena pamiyala, kuya kwake mikono ingati.

Ndipo inu ana anga amene muli m'mabwato, musadziderere. Maina amene agogo anu amatchula nsomba, ndi malo amene iliyonse imagona, ndi nzeru imene mabuku ambiri alibe. Alembeni m'kope asanapite nawo kumanda. Mukadzapeza kansomba kachilendo, funsani kaye kumene katuluka. Paja akulu adati safunsa adadya phula.