Chulu Chathu cha Netiweki

Kumbuyo kwa nyumba yathu, chakumalire kwa Mwanza, kuli chulu chachikulu chimene chiswe chinachithawa kalekale. Pamwamba pake n'posalala, udzu sumera, chifukwa mapazi a anthu a m'mudzi mwathu sapapatsa mpata. Mayi amene akufuna kumva za mwana wake wa ku Joni amakwera pomwepo. Bambo amene akudikira uthenga woti ndalama zalowa amakwera pomwepo. Achinyamata nawo amayamba adikira kuti akuluakulu atsike, kenako amakwera n'kuyamba kunong'ona. Mukafika kwathu n'kufunsa kuti foni imagwira pati, ngakhale mwana wa sitandade 1 adzakulozerani chulucho.

Ife ana a m'nyumba imeneyi tinakula tikuona netiweki ngati mvula, yobwera ikafuna n'kupita ikafuna. Sitinkafunsa kuti n'chifukwa chiyani m'khitchini foni imangoti zii pomwe pachulu, mapazi makumi atatu okha kuchokera pakhomo, imalira bwinobwino. Ku sekondale ya mpingo kumene tinaphunzira tinaloweza kuti mafunde a wailesi amathamanga liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Tinalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza. Koma sitinaganizepo n'kamodzi komwe kuti mafunde a m'buku aja ndi omwewo amene timakawasaka pachulu.

Kwa amene simunafikeko, Mwanza ndi boma la mapiri ndi zigwa. Msewu wochokera ku Blantyre umadutsa pa Zalewa, n'kufika pa boma, kenako pachipata cha dziko pamene malole opita ku Tete ndi ku Zimbabwe amandandalika. Mukapitirira makilomita ochepa mwafika pa Zóbuè, m'dziko la Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi timamvana chilankhulo, timakwatirana, timaikana maliro, ndipo pamsika kwacha ndi metikali zimayendera limodzi. Mafoni athu nawo amawoloka malire popanda chiphaso. Munthu uli khale pakhonde pako ukusenda nachesi, umangoona uthenga wokulandira m'dziko la eni, chonsecho sunasunthe ngakhale phazi. Tinkaseka nazo zimenezi mpaka usiku umene agogo athu aakazi anadwala.

Inali nyengo ya dzinja, mvula ikugwa yowaza. Pakati pa usiku agogo anayamba kubanika, mpweya ukutuluka movutikira. Amayi anatiuza kuti tiyimbire bambo wina wa pa boma amene ali ndi galimoto. Timizere ta netiweki tinalipo tatatu, ndipo tinati mwayi wathu. Tinayimba, foni osapita. Tinayimbanso, tinangomva mawu a Chipwitikizi amene sitinawamve tanthauzo. Pofika pozindikira kuti foniyo yadumphira ku nsanja ya tsidya lija, nthawi inali itapita ndithu. Nambala ya bambo uja tinaisunga moyamba ndi 0 monga timachitira tonse, ndipo netiweki ya dziko lina sinkaidziwa nambala yotero. Tinathamangira pachulu ndi tochi, tikuterereka m'matope, tinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndipo mwamwayi inagwira ya kwathu. Galimoto inafika kutatsala pang'ono kucha. Agogo anachira, koma mantha a usiku umenewo sanatichoke. Tinadzifunsa kuti kodi zikanatha bwanji pakanapanda chulu, kapena pakanakhala kuti m'nyumbamo munali okalamba okhaokha.

Funso limeneli tinabwera nalo kuno ku koleji, ndipo ndi limene linatichititsa kuti tiziwerenga za mafunde a wailesi mopitirira zimene mayeso amafuna. Choyamba chimene tinapeza n'chakuti mafundewa amasiyana kutalika. Wailesi za FM zimaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, kutanthauza kuti fundelo limagwedezeka pafupifupi ka 100 miliyoni pa sekondi, ndipo funde limodzi limatalika mamita atatu. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito 900 MHz, pamene funde limatalika masentimita 33 okha, kapena 1800 MHz, pamene limatalika theka la pamenepo. Funde lalitali limatha kukhota n'kuzungulira phiri. Lalifupi limayenda mofanana kwambiri ndi kuwala: likakumana ndi phiri, kuseri kwake kumatsala mthunzi. Nyumba yathu ili mumthunzi woterewu. Nsanja ya kwathu ili kuseri kwa phiri, pamene ya tsidya lija ikutiyang'ana maso ndi maso kudutsa chigwa. Foni imafuna netiweki ya kwawo poyamba, koma ikaisowa imagwira iliyonse imene ikuloledwa kugwira.

Powerenga izi tinakumbukira agogo athu aamuna, amene anatisiya tili ang'ono. Iwo ankamangirira waya wautali ku eriyo ya wailesi yawo n'kukaukoleka pamtengo wa mango, ndipo usiku ankagwira nyumba zoulutsira mawu za m'maiko akutali zimene masana sizinkamveka. Ife tinkati wailesiyo ndi yamatsenga. Zoona zake n'zakuti kumwamba, makilomita ambirimbiri pamwamba pa mitambo, kuli mpweya umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi, ndipo umabweza mafunde ena pansi ngati mpira wogunda khoma. Masana, gawo lam'munsi la mpweyawu limameza mafunde a medium wave, koma dzuwa likalowa gawolo limazilala ndipo mafunde amafika kutali. Mu December 1901, Guglielmo Marconi ananena kuti walandira chizindikiro ku Newfoundland chochokera ku Cornwall ku England, mtunda woposa makilomita 3,000 kudutsa nyanja, akatswiri ambiri akuganiza kuti n'zosatheka chifukwa dziko ndi lozungulira. Mu 1902 Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, aliyense payekha, anafotokoza kuti kumwambako kuyenera kuti kuli chobweza mafunde, ndipo Edward Appleton anatsimikiza zimenezi poyeza mu 1924. Wailesi za short wave, kuphatikizapo Adventist World Radio imene inayamba kuulutsa mu 1971 kuchokera ku Portugal, zimadalira njira yomweyi. Mafunde a foni ndi a FM okha sabwezedwa chonchi; amangoboola n'kupitirira. N'chifukwa chake nsanja zake zimamangidwa pamapiri, kuti ziziona midzi.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya Yoshihisa Okumura wa ku Japan. Iye ndi anzake anayendayenda mu Tokyo ndi madera ozungulira ali ndi zida zoyezera, akulemba mphamvu ya mafunde pamalo osiyanasiyana, pakati pa nyumba zazitali, m'mbali mwa mzinda ndi kumtetete. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1968, ndipo mu 1980 Masaharu Hata anazisandutsa masamu amene mainjiniya akhala akugwiritsa ntchito powerengera kuti nsanja ifika pati. Apa tinaona zinthu ziwiri. Choyamba, nzeru yaikulu chonchi inayamba ndi anthu oyenda n'kumalemba manambala. Chachiwiri, mapiri a ku Mwanza si Tokyo. Masamu amangoyerekeza, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mainjiniya amayendabe ndi galimoto n'kumayeza pamalo penipeni. Koma galimoto imatsata msewu. Kumbuyo kwa nkhokwe ya agogo siingafikeko.

Tchuthi chitafika tinaganiza zoyeza tokha. Mafoni ambiri a Android amasonyeza mphamvu ya netiweki m'manambala mukalowa mu Settings n'kufufuza pamene pali zokhudza SIM kadi. Muyezo wake umatchedwa dBm, ndipo nambala yake imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Ikayandikira 0 ndiye kuti mphamvu ndi yambiri: cha m'ma -70 foni imagwira bwino, cha m'ma -110 imakhala ikuwefuka. Kusiyana kwa 10 kumatanthauza kuti mphamvu yachuluka kapena yachepa kakhumi, choncho pakati pa -70 ndi -110 pali kusiyana ka 10,000. Timizere tija timabisa zambiri, ndiponso sitikuuza msanga kuti mphamvuyo ikuchokera dziko liti.

Tinatenga kope la masamu, cholembera ndi mafoni awiri obwereka. Tinajambula mapu a mudzi, n'kusankha malo: m'khitchini, pakhonde, pansi pa mango, pachulu, pamjigo, pabwalo la tchalitchi ndi pasukulu ya pulayimale. Pamalo aliwonse tinkaima m'mawa, masana ndi madzulo, n'kulemba nambala komanso dzina la netiweki imene foni yagwira. Tsiku lachitatu amfumu anatiitanitsa.

“Ana inu, mukuyendayenda ndi kope m'minda ya anthu, mukuyeza chiyani? Malowa agulitsidwa ife osadziwa?”

Tinakhala pansi n'kuwomba m'manja. “Pepani amfumu, tinalakwa posayamba tadzera kuno. Sitikuyeza malo ayi. Tikufuna tidziwe pamene foni imagwira bwino, kuti wina akadwala usiku tisamavutike ngati mmene zinachitikira ndi agogo.”

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Ngati ndi choncho, muyambire pakhomo panga pano. Ine mawondo anakana kukwera chulu.”

Patatha milungu iwiri kope linayamba kulankhula. M'nyumba za malata mphamvu inkatsika kwambiri kuposa m'nyumba zaudzu, chifukwa chitsulo chimabweza mafunde. Pansi pa mango mphamvu inkachepa, makamaka masamba akanyowa. Pamenepa tinazindikira kuti mvula imene timaida mlandu nthawi zonse siisokoneza kwambiri mafunde a foni mmene imasokonezera dishi ya wailesi ya kanema. Zimene zimativuta ndi mitengo yonyowa komanso magetsi akathima ku nsanja. Chodabwitsa china chinali chakuti kusuntha foni ndi chikhatho chimodzi chokha kunkasintha nambala. Mafunde amafika pafoni kudzera njira zingapo, ena molunjika, ena atagunda phiri kapena denga. Pena amathandizana, pena amafafanizana, ndipo poti funde la foni ndi lalifupi, malo abwino ndi oipa amatalikirana masentimita ochepa. Munthu amene amatukula foni m'mwamba n'kumazungulira nayo si wopenga ayi, akuchita kafukufuku mosadziwa.

Nkhani ya mafunde owoloka malire si ya Mwanza yokha. Kuno kwathu amene amagawa mafunde ndi kuyang'anira kagwiridwe ka ntchito za mafoni ndi bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1998, ndipo ku Mozambique ntchito yomweyi ili m'manja mwa INCM. Pamwamba pa onsewa pali bungwe la ITU la ku Geneva, limene lakhalapo kuyambira 1865, komwe maiko amagwirizana za kagwiritsidwe ntchito ka mafunde. Mainjiniya amatha kuweramitsa eriyo ya pansanja kapena kuchepetsa mphamvu yake kuti isalowe kwambiri m'dziko loyandikana nalo. Koma mafunde sadziwa pamene pali mwala wa malire, ndiye ife okhala m'mphepetemu tiyenera kudziwa zodzithandizira. Ziwiri zokha n'zokwanira poyambira. Sungani nambala zofunika moyamba ndi +265, kuti zizitha kupita ngakhale foni itagwira tsidya lina, podziwa kuti kuyimba koteroko kumadya mayunitsi ambiri. Ndipo mu Settings chotsani zoti foni izisankha yokha netiweki, musankhe nokha ya kwanu kuti isamadumphe. Tinayenda nyumba ndi nyumba kukonza zimenezi m'mafoni a okalamba, ndipo malipiro athu anali chinangwa chophika ndi manachesi.

Ambiri a ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzatumizidwa ku sukulu zopanda labotale, kumene sayansi imathera pa choko ndi bolodi. N'kosavuta kudandaula kuti zipangizo palibe. Koma ana amene tidzawaphunzitse adzakhala akuchokera m'nyumba momwe muli foni, m'midzi momwe muli chulu chawochawo kapena mtengo wawo wa netiweki. Mwana wa Fomu 3 akhoza kuyeza, kulemba, kujambula mapu, n'kufotokozera makolo ake chifukwa chimene foni imagwirira pamjigo koma osati kuchipinda. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinakhala zaka zambiri tikukwera chulu osafunsa, ngakhale yankho linali m'buku limene tinaliloweza. Sitikufuna kuti ophunzira athu adzadikire usiku wa matenda kuti ayambe kufunsa.

Pa manambala onse a m'kope lija, imene timainyadira kwambiri tinaipeza mwangozi tsiku lomaliza. Pakona ya nkhokwe ya agogo, mapazi khumi kuchokera pakhomo, pamalo athyathyathya, foni inagwira netiweki ya kwathu mwamphamvu yofanana ndi ya pachulu. Titayang'anitsitsa tinaona kuti malowo alunjika pampata wa pakati pa mapiri awiri. Tinabwereza kuyeza katatu, m'mawa wotsatira tinayezanso, nambala osasintha kwenikweni. Tinakhomapo chikhomo, n'kuikapo kampando.

Sabata yatha tinawayimbira agogo kuchokera kuno ku koleji. Anayankha msanga, mawu akumveka bwino, kumbuyo nkhuku zikulira. Tinawafunsa ngati akwera chulu.

“Chulu chanji, adzukulu anga? Ndili pampando wanga wa pankhokwe. Amfumu nawo ali pomwepa, akudikira kuti ndimalize ayimbire mwana wawo.”